Zoluka zanga zikulimba, masitichi akungochuluka: ndikulakwitsa pati?

Mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, walemba kuti: "Mng'ono wanga ndi woyembekezera ndipo achira mu Juni, ndiye ndikufuna ndimulukire mwanayo kachipewa, tinsapato ndi kajuzi. Ndayamba kuphunzira posachedwapa, kuonera pa foni komanso kufunsa mayi wina wa kumpingo kwathu. Singano zenizeni ndilibe, ndikulukira masipoko a njinga amene bambo a kunyumba anandisongolera. Wulu ndinagula pamsika, ndi wonenepa ndithu. Koma zimene ndikuluka zikutuluka zolimba ngati chikumba, zala zikupweteka, ndikayamba ndi masitichi 20 ndimapezeka ndili ndi 26, pena pali mabowo, m'mphepetemu mukupindika. Kodi ndi manja anga amene alibe luso? Ndigule singano zanji, kapena ndingosiya?"

Musasiye, mayi. Zonse mwatchulazi ndimaziona kwa pafupifupi aliyense amene ndimamuphunzitsa, ndipo palibe ngakhale chimodzi chosonyeza kuti manja anu alibe luso. Munthu amene watha kuika masitichi 20 pa sipoko, n'kuluka mizere ingapo, n'kuzindikira yekha kuti akwana 26, ndiye kuti kugwira ulusi wakudziwa kale, kuwerenganso wakuzolowera. Ambiri amadzazindikira nsalu itafutukuka kale kwambiri. Juni akali patsogolo, kachipewako mukamaliza, tinsapatoto mutimalizanso.

Tiyambe ndi masipoko, chifukwa vuto lalikulu lagona pamenepo. Ine masipoko sindiwanyoza. Amayi ambiri a kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji anaphunzirira pa masipoko, ndipo ana ambiri anafunda ndi zoluka zochokera pamenepo. Koma sipoko ya njinga ndi yopyapyala, kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 2 basi, pamene wulu wanuwo mwina ukufuna singano yonenepa kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Kukula kwa sitichi kumachokera pa kunenepa kwa singano, popeza ulusi umazungulira singanoyo n'kutenga msinkhu wake. Mukakulunga wulu wonenepa pa kachitsulo kopyapyala, sitichi imatuluka yaing'ono, singano inayo imasowa polowera, inu mumayamba kukankha ndi mphamvu. Zala zimapwetekera pomwepo, nsalu imalimbira pomwepo. Ngakhale mutapatsa mayi amene waluka moyo wake wonse zipangizo zomwezo, nsalu yake ilimbabe.

Choncho singano imasankhidwa potengera wulu. Ngati mpukutu wanu unabwera ndi kapepala kozungulira, kawerengeni. Pakalembedwa kuti DK kapena Double Knitting, mukufunika singano za 4mm. Pakalembedwa 4 ply, ndi za 3.25mm. Pakalembedwa Chunky, ndi za 6mm kapena kuyandikira pamenepo. Wulu wa pamsika nthawi zambiri ulibe kapepala, ndiye pindani ulusiwo pawiri, muuyandikize ku singano osaukoka: singano yoyenera imafanana kunenepa ndi ulusi wopinda pawiriwo. Kwa inu amene mukuyamba komanso mukulukira khanda, ndinganene kuti gulani singano za 4mm ndi wulu wa DK. Ziwirizi zokha zikwanira kachipewa, tinsapato ndi kajuzi komwe.

Pogulapo chenjerani ndi manambala. Singano zakale zimene amayi athu anasunga zili ndi manambala a ku Britain, ndipo pamenepo nambala ikamakwera singano imapyapyala: nambala 8 ndi 4mm, nambala 10 ndi 3.25mm. Koma mavidiyo ambiri a pa foni ndi a ku America, kumene nambala 8 ndi 5mm, ndipo 4mm amaitcha nambala 6. Mutha kumva "eyiti" pa foni, n'kukagula "eyiti" ina. Inu muzingoyang'ana nambala imene ili ndi mm kumapeto kwake. Kafunseni m'masitolo ogulitsa zipangizo za atelala pa boma, kapena mutume munthu wopita ku Lilongwe, mumulembere pa pepala kuti 4mm.

Zikapanda kupezeka, kapena ndalama ikavuta, nsungwi ilipo. Bambo amene anasongola masipokowo atha kusema singano zabwino kuposa pamenepo. Atenge nsungwi youma bwino, aing'ambe timitengo tiwiri totalika masentimita 30, atipale mpaka tikhale tobulungira. Kuti kunenepa kufanane ponseponse, apemphe kalipentala aboole bowo la 4mm pa kathabwa, ndipo kamtengoko kazidutsa m'bowomo kuyambira kumutu mpaka kumapeto, osagwira komanso osagwedera. Kenako akwecheko ndi sandipepala yosalala, nsonga ikhale yosongoka koma yosabaya, mupakeko kandulo n'kupukuta ndi kansalu. Kumapeto kwinako mangani labala kuti masitichi asamagwere kumbuyo. Kunena zoona, wophunzira ndimakonda kumuyambitsa ndi nsungwi kusiyana ndi singano zachitsulo za m'sitolo, chifukwa nsungwi imaugwirako ulusi pang'ono, masitichi sapulumuka chisawawa. Masipokowo musataye, adzakuthandizani tsiku limene mudzaluke ndi ulusi wopyapyala. Koma muziwasunga patali ndi ana, ndipo akachita dzimbiri asayandikire zovala za khanda.

Mukasintha singano, kulimba kuchepa kwambiri, koma mwina sikutheratu, chifukwa wophunzira aliyense amaopa kuti masitichi amugwa, ndiye amachita zinthu ziwiri mosadziwa. Amalukira kunsonga kwenikweni kwa singano, kumene kuli kopyapyala, komanso akamaliza sitichi iliyonse amakoka ulusi kuti ulimbe. Taonani dzanja lanu likamaluka. Singano ya kumanja yalowa mu sitichi, ulusi wazungulira, mwautulutsa, sitichi yakale mwaivula. Pamenepo musakoke. Kankhirani sitichi yatsopanoyo mkati, ifike pathupi penipeni pa singano, itenge msinkhu wake pamenepo, ndiyeno pitani pa ina. Ulusi wochokera ku mpukutu uzungulize kamodzi pa chala chaching'ono, udutse pamwamba pa chala cholozera, uziyenda wokha. Mukafuna kudziyesa, kankhani masitichi ndi chala chimodzi: akuyenera kutsetsereka mosavuta, koma mukaweramitsa singano asagwe. Ngati mukuchita kuwakankha ndi chikhadabo, mwalimbitsa. Mzere woyamba uja woika masitichi pa singano ndi umene umalimba kuposa yonse, ndiye ngati ukukuvutani, uikeni pa singano ziwiri zophatikiza, kenako musolole imodzi.

Tsopano za masitichi ochuluka ndi mabowo. Ziwirizi kawirikawiri gwero lake ndi limodzi: ulusi wakwera pamwamba pa singano pamalo posayenera, ndipo pa mzere wotsatira mwauluka poyesa kuti ndi sitichi.

Malo oyamba kuyang'ana ndi sitichi yoyamba ya mzere. Mukatembenuza nsalu kuti muyambe mzere wina, ulusi umakhala ukulendewera. Mukaukokera kumbuyo moudutsitsa pamwamba pa singano, sitichi ya m'munsi imakokeka n'kukwera, timiyendo take tiwiri timakhala pa singano ngati masitichi awiri. Inu mumaluka onse awiri, basi mwaonjeza imodzi. Kuchita zimenezi pa mizere 6 ndiye 26 wanu uja. Musanayambe mzere, kokerani ulusi pansi, muone kuti kumayambiriro kuli sitichi imodzi yokha yokhala ndi kamfundo pansi pake, ndiyeno upititseni kumbuyo modzera pansi pa singano. Sitichi yoyambayi imaoneka yaikulu ndi yolobodoka, ndipo ndi mmene imakhalira, musalimbane nayo.

Kwina kumene mabowo amabadwira ndi posintha kuchoka pa sitichi ya puleni kupita pa purl mu mzere umodzi. Awa ndi masitichi awiri oyambira pa kuluka: puleni imaoneka ngati V, purl ngati kachotupa. Pa puleni ulusi umakhala kumbuyo kwa nsalu, pa purl umakhala kutsogolo, ndipo pousuntha uyenera kudutsa pakati pa nsonga ziwiri za singano. Ukadutsa pamwamba, kapena mukaiwala kuusuntha, wasiya chingwe pa singano, ndipo pansi pa chingwecho padzakhala bowo. Akatswiri amachita dala zimenezi akafuna mabowo okongoletsa shawelo kapena olowetsamo mabatani, ndiye kuti luso limenelo mwalipeza kale, changotsala n'kulichita pamene mwafuna inu.

Palinso ili limene limagwira kwambiri ife a pakhomo. Muli pakati pa mzere, ndiwo zikupserera pamoto kapena mbuzi zalowa m'dimba, mwaika pansi n'kuthamanga. Pobwera mwanyamula nsalu chotembenuza, mwayamba kubwerera kumene munachokera. Pamalo pamenepo pamakhala bowo, ndipo mbali imodzi ya nsalu imatalika kuposa inzake. Yesetsani kumaliza mzere musanaike pansi, koma zikakanika kumbukirani ichi: singano imene sitichi yake yomaliza ili ndi ulusi wopita ku mpukutu ndiyo ya kudzanja lamanja. Zotsalazo n'zazing'ono. Nsonga yakuthwa ya sipoko imang'amba ulusi pakati, sitichi imodzi n'kuoneka ngati ziwiri, ndipo pena singano imatola kachingwe kopingasa ka pakati pa masitichi awiri. Werengani masitichi pakutha pa mzere uliwonse mpaka manja atazolowera. Akakhala ambiri, mangani timalupu ta ulusi wa mtundu wina, muziika kamodzi pakatha masitichi 10 alionse, kuti pamene pasokonekera padziwike msanga.

Tsiku lina adzachepa m'malo mochuluka, sitichi itagwa pa singano n'kuyamba kumasuka chotsika, kusiya tizingwe topingasa. Musamasule nsalu yonse. Igwireni kaye ndi pini kuti isapitirire, mutenge kasingano kokowa kaja kolukira madoilo, mukalowetse mu sitichi yagwayo kuchokera kutsogolo, mukowe kachingwe kapansi kwambiri n'kukatulutsira mu sitichimo, kenako kotsatira, mpaka mufike pamwamba.

Za kupindika m'mphepete, pamenepa simunalakwitse kalikonse. Mukamaluka mzere wa puleni, mzere wa purl, mosinthanitsa choncho, nsalu yosalala imene imatulukayo imapindika nthawi zonse, kwa wina aliyense, chifukwa mbali yake ya kutsogolo ndi ya kumbuyo sizikoka mofanana. N'chifukwa chake majuzi ambiri ali ndi mphepete yolukidwa mosiyana m'chiuno, m'manja ndi m'khosi. Mankhwala ake ndi kuikira malire. Yambani ndi mizere 6 ya puleni yokhayokha, ndipo pa mzere uliwonse masitichi 4 oyamba ndi 4 omaliza akhale puleni, kaya pakatipo mukuluka chiyani. Pa chipewa ndi pa juzi timagwiritsa ntchito ribu, puleni ziwiri purl ziwiri mpaka mzere kutha, imene sipindika komanso imatanuka. Chimene ndikukuletsani ndi kusita. Wulu wambiri wa m'misika yathu si ubweya wa nkhosa, ndi acrylic, ulusi wonga pulasitiki wopangidwa ku fakitale, ndipo simbi yamoto imaufooketsa mpaka kalekale, ikatentha kwambiri imausungunula.

Pa zonsezi, chimene ndikufunitsitsa mutachigwira ndi kudziwa kuyang'ana nsalu yanu n'kuona chimene chili pa singano. Anthu ambiri amaluka chowerenga pamtima, "ziwiri, ziwiri," wina akangowalankhula basi zasokonekera. Khalani panja masana, mutambasule nsalu pa bondo, muyang'ane pansi penipeni pa singano. Sitichi ya puleni imaoneka ngati chilembo cha V, yosalala. Ya purl ili ndi kachotupa kopingasa pakhosi pake. Mukatembenuza nsalu mupeza kuti kuseri kwa V kuli kachotupa, kuseri kwa kachotupa kuli V: ndi sitichi imodzi yomweyo, mukungoionera mbali ziwiri. Pa ribu simufunikanso kuwerenga, mukaona V mukuluka puleni, mukaona kachotupa mukuluka purl. Yang'ananinso mmene sitichi yakhalira pa singano. Ili ndi timiyendo tiwiri, ndipo ka kutsogolo kamakhala kotsogola, kufupi ndi nsonga. Sitichi yeniyeni ili ndi inzake pansi pake imene inatulukamo. Chingwe chongokwera mwangozi chilibe kanthu pansi, changogona chopendekeka pa singano, ndipo mukachiona mungochigwetsa, bowo silibadwa. Maso akafika pozindikira zimenezi, zolakwika mumazigwira pa mzere womwewo, osati patapita masentimita 10.

N'chifukwa chake wophunzira ndimamuuza kuti agule wulu wowala, wachikasu, woyera kapena wobiriwira pang'ono, wosalala wopanda ubweya wotuluka m'mbali. Pa wulu wakuda masitichi saoneka. Mitundu yowalayi imayeneranso khanda limene sitinadziwe ngati ndi lalimuna kapena lalikazi. Gulani wokwanira nthawi imodzi, chifukwa mtundu womwewo ukagulidwa mwezi wina umatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pa juzi. Acrylic ndi wabwino kwa mwana, umachapika, umauma msanga, suchepa. Mukafuna kudziwa chimene mwagula, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi panja: acrylic amasungunuka n'kusiya kachibulu kolimba kakuda, ubweya weniweni umanunkha tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka.

Wophunzirira musaonongere ndalama. Juzi ya pa kaunjika imapereka wulu wambiri. Itembenuzeni muone msoko: ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi makina opota ulusi wambirimbiri, isiyeni, ikupatsani tizidutswa tokhatokha. Sankhani imene zigawo zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa. Masulani misoko, muyambire kumtunda kutsika, muzikulunga ulusiwo kumsana kwa mpando. Mangani m'malo angapo, viikani m'madzi ofunda a sopo, tsukuluzani, yanikani pamthunzi, mapiringu aja achepa.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Kajuzi kadikire. Yambani ndi kansalu ka masitichi 24, muluke mpaka katalike masentimita 10, mbali ina puleni yokhayokha, mbali ina mosinthanitsa ndi purl. Kenako ikani tepi ya telala pakati pake muwerenge masitichi amene akulowa mu masentimita 10. Pa DK ndi singano za 4mm amayenera kukhala pafupifupi 22. Akapitirira kwambiri ndiye kuti mukulimbitsabe, akachepa kwambiri mukulobodola. Anthu amakadumpha kansalu aka poti n'kotaya nthawi, koma ndi kamene kamakuuzani ngati chipewa chidzalowe m'mutu mwa mwana kapena ayi.

Kachipewa kamalukika pa singano ziwiri zomwezo. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita 34 kapena 35. Ikani masitichi 72, lukani ribu ya ziwiriziwiri masentimita 4, kenako mzere wa puleni ndi mzere wa purl mosinthanitsa mpaka nsalu yonse ikwane masentimita 8. Apa yambani kuchepetsa: lukani 7, awiri otsatira muwalukire pamodzi, bwerezani mpaka mzere kutha, mutsala ndi 64. Mzere wobwerera ndi purl yokha. Wotsatira lukani 6 ndi awiri pamodzi, winawo 5, kumatsika choncho mpaka atsale 8. Dulani ulusi mosiya wautali, muulowetse m'masitichi 8 aja ndi singano yosokera ya diso lalikulu, kokani atsekeke, ulusi womwewo musokere msoko wa kumbuyo. Mukakhala ndi nthawi lukaninso kena kochepa ka masitichi 56, poyambira kuchepetsa pa 5. Mwana akabadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5, anamwino amamuika pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu, atavala kachipewa ndi timasokosi, ndipo zipewa zogula zimakhala zazikulu. Wanuyo akabadwa wamkulu bwino, kachipewako mudzapatsa mayi wina kuchipatala komweko, ndipo mu Juni ndi Julayi kuno kuzizira kwa m'mawa mukukudziwa.

Popeza ndi za khanda, pali zina zosafunika kuzinyozera. Potsekera masitichi omaliza, makamaka pakhosi pa kajuzi, manja afewe kwambiri, kapena tsekerani ndi singano yokulirapo, chifukwa mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake. Kajuzi koyamba kakhale kotsegula kutsogolo. Musaike zingwe zazitali zomanga pakhosi, mabatani musokere zolimba ndipo muziwayesa mukachapa. Tinsapato mutitembenuze muone kuti mkati mulibe ulusi wolendewera, chifukwa umatha kukulunga chala cha mwana n'kuchimanga mayi osadziwa chimene akulirira. Wulu ukatha, lumikizani wina kumayambiriro kwa mzere, nsonga zake muzisokerere m'nsalu, osati kumanga mfundo pakati. Zovalazi zichapidwe asanavale, ndipo zisayanikidwe pafupi ndi mbaula. Komanso ngati pakhomo panu pali fodya, monga mmene ziliri m'makomo ambiri a ku Santhe nyengo yokolola fodya, sambani m'manja ndi sopo mukachoka kosankha fodya musanagwire wulu, ndipo zolukazo muzisunga m'kathumba koyera kutali ndi chigafa. Zala zikakhakhala ndi ntchito zimakola ulusi, pakani mafuta usiku pogona.

Kupweteka kwa zala kuyenera kuchepa pakangopita masiku ochepa mutasintha singano. Muzipumira pakatha mphindi 20 kapena 30, kutambasula zala ndi kugwetsa mapewa, zigongono zikhale pafupi ndi thupi. Koma ngati zala zikuchita dzanzi, makamaka chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho, ngati dzanzilo likukudzutsani usiku, kapena pamfundo ya dzanja patupa, ikani kaye pansi mupite kuchipatala akakuoneni. Chimodzimodzi maso: ngati masana enieni masitichi akuoneka mwachimbuuzi, kapena mutu ukupweteka mukaluka, kayezetseni, mwina ndi magalasi owerengera chabe amene akufunika. Usiku, pa kuwala kwa tochi ya foni, musaphunzirirepo sitichi yatsopano.

Mayi wa kumpingo uja mugwiritsitseni, chifukwa foni siingaone dzanja lanu. Pa mavidiyo mupeza ena ulusi agwirira kumanja, ena kumanzere. Njira zonse ziwiri ndi zolondola ndipo nsalu yake ndi imodzi, koma sankhani imene amalukira mayiwo kuti musasokonezeke. Mukapita kwa iwo, khalani pambali pawo, phewa ndi phewa, osati moyang'anizana, kuti manja awo muziwaona mmene mumaonera anu. Kansalu ka mabowo kaja musakamasule musanapite, kanyamuleni mmene kaliri kuti akuonetseni bowo lililonse chimene chinalibweretsa, ndipo muwapemphe kuti pokonza singano zikhale m'manja mwanu, iwo azingoloza. Mukadzafika pa kajuzi, makamaka polumikiza manja ndi potola masitichi a pakhosi, pamenepo mpofunika munthu pafupi. Iwo akatanganidwa, funsani m'magulu a amayi monga a Chigwirizano, a Dorika kapena a ku banki m'khonde kwanuko, simulephera kupeza mmodzi amene analukapo majuzi a ana ake.